Kandimverere wa pa Golomoti

Mdzukulu wanga adandipeza pakhonde madzulo ena mu Okutobala, nyengo imene kuno ku Golomoti kumatentha mpaka nkhuku kumangoyasamula pansi pa nkhokwe. Adandipatsa foni m'manja nati, "Agogo, taonerani iyi, ndi ya akauboyi anu aja. Ndakabenetsa lero pamsika." Ndidavala mandala n'kuyamba kusuzumira m'kagalasi kakang'onoko. Sitidapite nayo patali, ndidamuuza kuti amuna akusonkhanitsidwawo akwana asanu ndi awiri, ndipo anayi mwa iwo aikidwa m'manda pamudzi pomwepo. Mnyamatayo adachita tsinya. "Mwaionera kuti inu? Iyitu ndi ya 2016, akita wake ndi Denzel Washington."

Ndidaseka mpaka kutsokomola. Nkhani imeneyo ndidaionera bambo ake asanabadwe, ndipo ndidaisimbapo pabwalo la kwathu kambirimbiri.

Kanema woyamba kumuona ine adabwera pa galimoto ya boma, m'zaka zoyambirira za ufulu, ndili kamnyamata kolishya mbuzi. Galimotoyo inkafika dzuwa litapendeka, chimkuzamawu chili padenga, kulengeza kuti usiku kuli kanema pabwalo la sukulu. Amayi ankaphika nsima msanga tsiku limenelo. Mdima ukagwa ankaliza jenereta, kuwala n'kutuluka m'makina kukagwa pansalu yoyera, ndipo tizilombo tonse ta kudambo tinkasonkhana m'kuwalako ngati nato talipira. Zoonetsa zake zidali za kapoperedwe ka thonje, za kukumba zimbudzi, ndi maulendo a Kamuzu oyendera mbewu. Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi bambo amene ankaima pambali ndi maikolofoni kutilongosolera m'Chichewa. Chithunzi chidali chomwecho ku Mtakataka, ku Mua ndi kuno, koma iye ankathira mchere wosiyana pamudzi uliwonse. Mlimi waulesi akaoneka pansalupo, ankamutcha dzina la mfunda umene udali wochuluka pakhamupo, anthu n'kufa nazo nseko, ena n'kumaloza anzawo.

Mu 1974 ndidakwera sitima pasiteshoni yathuyi, kudzera ku Balaka, kukafuna ntchito ku Limbe. Ndidaipeza m'sitolo ya nsalu. Malipiro a mwezi woyamba ndidagula nsapato, a mwezi wachiwiri ndidapita nawo ku Apollo, nyumba ya kanema ya mu Blantyre. Ife a matambala ochepa tinkakhala kutsogolo kwenikweni, khosi chagada ngati munthu womwa mankhwala. Masiku amenewo kanema aliyense ankayamba wadutsa m'manja mwa a Censorship Board, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, ndipo lumo lawo silinkachita dzimbiri. Akita akangoyandikira mkazi, chithunzi chinkadumpha, mwadzidzidzi kwacha, munthu ali pahatchi. Holo yonse inkaimba likhweru. Choncho ngakhale kanema amene tinkati tikuonera weniweniyo adali atasokedwa kale kachiwiri.

Kumeneko ndiko ndidaonera The Magnificent Seven, ya 1960. Idali yakale ndithu pofika nthawi imeneyo, koma za akauboyi ankazibweza chifukwa zinkadzaza holo. Yul Brynner, wadazi, wovala zakuda zokhazokha; Steve McQueen; Charles Bronson akuwaza nkhuni; James Coburn woonda uja amene mpeni wake unkafika msanga kuposa chipolopolo. Mudzi wa alimi ku Mexico watopa ndi achifwamba amene amabwera chaka ndi chaka kudzakokolola zokolola, ndiye alimiwo asonkha kangachepe kukalemba ganyu amuna odziwa mfuti.

Ndiulule pano: Chingerezi changa chidali cha Sitandade 6, ndipo akauboyi amayankhulira m'mphuno. Pa mawu khumi ndinkatolapo awiri. Koma nditabwera kumudzi pa Khirisimasi, achinyamata ndi ana adandizinga pamoto usiku, chimanga chouma chikukazingidwa m'phale, kuti ndiwauze za m'tauni. Ndidaimirira n'kuyamba. Pamene sindidamve ndidaikapo zanga. Alimi a ku Mexico ndidawapatsa nkhokwe ndi zikwatu. Mkulu wa achifwamba ndidamupatsa mawu a kapitawo wina wa msonkho amene tonse tinkamuopa tili ana. Wadazi uja ankayankhula miyambi ya Chichewa imene Brynner sadaimvepo chibadwire. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo ine ndidali kandimverere weniweni, koma palibe adanyamuka kukagona.

Agogo anga aakazi adali chakumbuyo pamphasa, akununkhiza fodya wawo. Nditamaliza adati, "Iwe, nkhani imeneyo wapita nayo ku Blantyre kukaigula ndi ndalama? Imeneyotu ndi ya amayi anga." Ndipo adayamba yawo: mmene nkhondo inkatsikira m'mapirimu chimanga chikangouma, mmene anthu ankakwirira mbewu m'mitsuko, ena n'kuthawira m'mabango a kunyanja, ena m'mapanga. Iwo adali Mchewa. Agogo aamuna, Mngoni wa kwa Kachindamoto amene adali atakhala chete usiku wonse, adangoti kukhosi khekhe, nati iwo adamva nkhaniyo mwina: kwawo anthu a mikondowo ndiwo adali ngwazi. Adakangana pang'ono monga ankachitira masiku onse, ife n'kumaseka. Usiku umodzi, moto umodzi, nkhani ija idasimbidwa katatu.

Padapita zaka zambiri ndisanadziwe kuti Amereka nawonso adachita kubwereka. Adandiuza ndi mphunzitsi wina wopuma ntchito amene tinkasewera naye bawo ku Mtakataka, munthu wokonda kuwerenga. Mwini nkhani adali Mjapani, Akira Kurosawa, amene mu 1954 adatulutsa Seven Samurai, kanema wa maola atatu ndi theka. Kumeneko ankhondo ndi a malupanga, ndipo alimi alibe ndalama ngakhale khobidi: malipiro ake ndi mpunga wokha, ankhondowo adye akhute pamene eni mudzi akudya mawere. Nditamva zimenezo ndidati Mjapaniyo ankaidziwa njala. Mlimi aliyense wa m'chigwa chino amadziwa tanthauzo lophikira waganyu ufa woyera iwe ukudya gaga. Amereka adachotsa mpungawo n'kuikapo madola makumi awiri pa munthu, koma adagula chilolezo, ndipo dzina la kanema wa Chijapaniyo adalilemba poyambirira. Mtaliyana Sergio Leone ndiye adalowera kudzera kuseri: adatenga kanema wina wa Kurosawa, Yojimbo wa 1961, n'kumusandutsa A Fistful of Dollars mu 1964, uja adatchukitsa Clint Eastwood, osapempha. Nkhaniyo idafika kumilandu ndipo adalipira. Kwathu kuno tingati wina adabwereka khasu masana, wina adalitenga usiku. Koma minda yonse iwiri idabereka, ndipo ndinganame nditati wa Leone sindidamukonde.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndidali nditabwerera kumudzi, ndipo kanema adanditsatira. Wayilesi ya kanema ya dziko lino idadzatsegulidwa mochedwa, mu 1999, choncho chimene tidali nacho ndi vidiyo sho: kanyumba pamsika, chiguduli pakhomo, mabenchi a matabwa, deki ndi sikirini pamwamba pa tebulo, sipikala panja kuti phokoso la zibakera liziitana anthu. M'katimo munkanunkha thukuta ndi utsi wa jenereta. Bruce Lee, Rambo, Commando, Chuck Norris, Van Damme. Ana ankadziwa lamulo limodzi, loti akita safa, ndipo kunena zoona makanema onsewo adali nkhani imodzi yovala malaya osiyana: amuphera m'bale wake, apita kukaphunzira kumenya, abwera kudzalipsira. Tepi ikatafunidwa ndi deki, mwini sho ankaikoka n'kuikulunga ndi bolopeni, ndipo pa nthawi yodikirayo pankapezeka mnyamata amene adaionerapo kale, n'kuyamba kufotokoza zotsatira. Ndinkamuyang'ana ndi chifundo cha pachibale.

Imene idagwedeza dera lino ndi Shaka Zulu ya 1986, ya Henry Cele. Madoda a Chingoni amene sankaponda m'vidiyo sho adalowa, zibonga zili m'manja, kukaona kumene makolo awo adachokera. Adatuluka akukambirana za zishango ndi mikondo yaifupi. Mmodzi adadandaula kuti nkhani ya mfumu ya Azulu ikusimbidwa ndi mzungu, pakuti m'kanemayo wofotokoza ndi Henry Fynn, mmodzi wa Angerezi amene adafika kwa Shaka. Dodalo lidamwalira lisanaone kuti mu 2023 anthu a ku South Africa adatulutsa nkhaniyo ataijambulanso m'Chizulu, n'kuitcha Shaka iLembe, kuyambira kwa mayi ake, Nandi. Kubwereza kotereko ine ndimakuvomera ndi manja awiri, chifukwa mwini maliro ndiye watenga mkuwo.

Lero anyamata a m'tauni adaitenga ntchito yanga ija n'kuisandutsa bizinesi. Amatenga filimu ya ku China, ya ku India kapena ya ku Amereka, n'kuikamo mawu a Chichewa, munthu mmodzi kuyankhulira onse, nkhalamba, mtsikana, ngakhale galu. Mzinda wa nyumba zosanjikizana amautcha Ndirande, mphunzitsi wa kung fu n'kumadandaula za mtengo wa feteleza. Ophunzira amanyoza kuti n'kuononga, ndipo pa nkhani ya chilolezo sindingawaikire kumbuyo: eni mafilimuwo salandirapo kanthu, ndipo kubena komweku n'kumene kumadya thukuta la ojambula athu. Koma luso lilipo. Ndidaonapo amayi ogulitsa usipa akuseka mpaka kugwetsa chitenje ndi filimu imene m'chinenero chake sakadaimva n'komwe.

Mwina n'chifukwa choti ndidakulira pafupi ndi Mua kuti kutengera sindikuona ngati tchimo. Ansembe a White Fathers adafika kumeneko mu 1902 ndi zithunzi ndi ziboliboli zawo, ndipo sipadatenge nthawi gule wamkulu adatulutsa Maliya, adatulutsanso Simoni wofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Galimoto itafika, nayo idatulukira pabwalo ikuvina. Pambuyo pake, mu 1976, bambo Claude Boucher adayambitsa Kungoni pamishoni pomwepo, ndipo amisiri ake adayamba kusema nkhani za m'Baibulo ndi nkhope za Achewa, Angoni ndi Ayao. Uku adatenga, uko adatenganso. Kwerani msewu wa Khwekhwerere wopita ku Dedza muone anyamata osema tigalimoto ndi tinjinga ta mitengo m'mbali mwa msewu. Land Rover sadaiyambitse ndi iwo, koma wodziwa amatha kuloza kuti iyi yasemedwa ndi uje, poona mmene chitseko chake chikutsegukira.

Ndiye chimene ndimafunsa ndikaona kanema wobwerezedwa n'chakuti dzanja la wosemayo lili pati. Adzukuluwa adandionetsapo The Lion King ziwiri, ya zojambula pamanja ya 1994 ndi ya pakompyuta ya 2019. Yachiwiriyo imaponda m'mapazi mwa yoyamba phazi ndi phazi, mikango yooneka ngati ya ku Liwonde koma nkhope zake zosaseka, zosalira. Imeneyo ndi nsima ya dzulo yotenthetsa, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: kanema wamkulu amadya ndalama zoopsa, eni chuma amaopa kuluza, choncho amagulitsa dzina limene anthu akulidziwa kale, monga wa pamsika amene sayerekeza kuoda katundu wachilendo. Ya Denzel ija ndiyoikako pakati. Adasintha wachifwamba kukhala mwini mgodi wa golide wofuna kulanda malo, ndipo wokasaka ankhondo ndi mayi wamasiye; pamenepo adaganiza, chifukwa wolanda malo ndi mapepala tikumudziwa masiku ano kuposa wa pahatchi. Koma alimi adazimiririka. Simuona munthu akuwerenga mbewu yotsala. Mfuti zachuluka, njala mulibe.

Mdzukulu wanga nditamuuza zimenezi adati, "Agogo, tsabola wakale sawawa." Ndidamuyankha kuti tsabola ameneyu ndi wa 1954 ndipo akumugula yekha pamsika.

Chimene chimandinyong'onya ndi china. Anzathu akujambula nkhani imodzi kachitatu, ife zathu sitidazijambule n'kamodzi komwe. Alipo amene ayesa. Shemu Joyah adatipatsa Seasons of a Life, kenako The Last Fishing Boat mu 2012, ya msodzi wa m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi amene nsomba zikumuthera. Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe idatuluka pa kanema mu 2019, ngakhale kuti Chichewa cha Chiwetel Ejiofor chidatipatsa ntchito yotchera khutu. Koma za kugawikana kwa Angoni a Maseko mpaka Kachindamoto kutsikira kuchigwa kuno, za imfa ya Gomani m'manja mwa Angerezi mu 1896, za amuna amene adakwera sitima pano kupita ku Wenela osabwerako, za amayi a agogo anga m'mabango muja, zonsezo zikadali m'kamwa mwa nkhalamba, ndipo nkhalambazo tikutha.

Tsiku lija foni idazima nkhondo yomaliza isanayambe. Kasola kathu ka padenga sikadatchaje bwino, ngakhale kuti chapafupi pompa pali munda wonse wa magalasi a dzuwa wa mamegawati 20 umene udayamba kugwira ntchito mu 2022. Ana amene adaunjikana kumbuyo kwathu adadandaula. Ndidawauza kuti akhale pansi. Ndidaimirira ndi ndodo yanga, bondo likulira, n'kuyambira pamene foniyo idalekezera. Ndidabwezeramo nkhokwe. Ndidabwezeramo mpunga wa Mjapani uja, ndi mitsuko yokwirira ya agogo anga, ndipo achifwamba adatsikira ku Khwekhwerere mwezi ukuwala.

"Agogo, mufilimumo mulibe zimenezo," adatero mwini foni.

Kamlongo kake ka zaka zisanu ndi chimodzi kadamukoka malaya. "Achimwene, takhalani chete. Agogo, ndiye wampeni uja adatani?"