Vinyo wa ku Hermanus ndi chambo chathu chopanda dzina

Abale anga amene muli kumudzi, ndi inu matchona anzanga a ku Johannesburg amene mumati ku Cape kulibe china koma mphepo, tamverani ndikufotokozereni za dera lino. Ndimaperekera zakudya ndi vinyo pa famu ina m'chigwa cha Hemel-en-Aarde, kuseri kwa tauni ya Hermanus, makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Cape Town. Ambiri mumandifunsa kuti munthu angakwerenji ndege kuchoka ku Germany kudzamwa chinthu chimene akanagula m'sitolo ya kwawo. Yankho langa ndi lakuti kuno sagulitsa vinyo yekha. Amagulitsa vinyo pamodzi ndi phiri, mphepo ndi nyanja zimene zamulera, ndipo luso limeneli ife kwathu likutisowa.

Yambani ndi msewu. Mukatuluka mu Cape Town musakakamire N2. Khoterani ku Gordon's Bay mutsate R44, umene amautcha Clarence Drive, phiri kumanzere, nyanja kumanja, anyani ali pambali kudikira woiwala kutseka zenera. Pa Betty's Bay imani muone mbalame za penguin pa Stony Point. Pamalo pomwepo kale panali fakitale yophera anamgumi, ndipo zotsalira zake zikadalipo. Lero anamgumi omwewo ndiwo akudyetsa tauni ya Hermanus.

Amabwera kuyambira June mpaka cha mu November, kuchokera kumadzi ozizira a kumwera, kudzaswana ndi kuyamwitsa ana mu Walker Bay. Amayandikira kwambiri moti simufunika boti. Pali kanjira ka m'mphepete mwa matanthwe, Cliff Path, kotalika makilomita pafupifupi 12, ndipo kuyendamo n'kwaulere. Mumangomva fuuu! mpweya kutuluka, kenako chimchira kutukuka m'madzi. Kuyambira 1992 tauniyi ili ndi munthu wolembedwa ntchito yoliza lipenga lopangidwa ndi udzu wa m'nyanja wouma, kudziwitsa alendo kumene anamgumi aonekera. Taganizani, ntchito ya malipiro! Nanga ku Chembe kapena ku Nkhata Bay, anyamata amene amaitana nkhwazi ndi likhweru n'kuiponyera nsomba, ndani anawalembapo ntchito? Amangothamangitsana pamchenga kulimbirana mlendo mmodzi, mtengo akupangira pomwepo potengera nsapato zimene mlendoyo wavala.

Mukakhuta anamgumi, lowani mumsewu wa R320 wopita ku Caledon. Ndimo muli chigwa chathu. Kale kunali kotayirako anthu: m'zaka za m'ma 1800 boma linkasunga kuno odwala khate, amishoni a Moravian akuwasamalira, mpaka pamene anawasamutsira ku Robben Island. Mphesa zabwera mochedwa. Tim Hamilton Russell anagula malo kuno mu 1975, pamene alimi ambiri a vinyo ankakhulupirira za Stellenbosch ndi Paarl, kotentha. Iye ankafuna kozizira. Mphepo yochokera kunyanja imalowa m'chigwa masana n'kuziziritsa minda, mphesa zimapsa pang'onopang'ono osataya kuwawasa kwake, ndipo dothi lake ndi lamakande losakanikirana ndi miyala. Mphesa za Pinot Noir ndi Chardonnay, zimene zimakana kutentha, zinapeza kwawo. Kenako kunabwera Bouchard Finlayson, Newton Johnson, Creation ndi ena, mpaka msewu wonse unadzaza zikwangwani.

Nyengo yakenso ndi yotembenuka. Mvula imagwa mu June ndi July, kukuzizira, mitengo ya mphesa ili mbulanda ndipo anthu akuidulira. Pamene inu mukupalira ndi kubandira mu January, kuno kuli gwa, ndipo ntchito yothyola imayamba cha kumapeto kwa mweziwo mpaka mu March.

Tsopano kalawidwe, pamene anzanga ambiri amafa nazo kuseka. Mlendo amakhala pansi, amalipira, ndipo ndimamuthirira timadontho m'magalasi asanu kapena asanu ndi limodzi, kuyambira woyera kumalizira wofiira. Amazunguza galasi, kununkhiza, kumwa pang'ono, kuchukucha m'kamwa, kenako n'kulavulira m'kachitini kamene taika patebulo. Inde, kulipira n'kulavula. Kwathu wolawa mowa ndi mayi wofulula, amene amamwa chipanda choyamba pamaso pa anthu kuti onse aone kuti mulibe chiphe, ndipo zikatero chipanda chimazungulira mpaka mbiya kuuma. Munthu wolavula masese pabwalo angafunsidwe kuti wayambana ndi ndani. Koma kulavula kwa kuno kuli ndi nzeru yake: munthu akufuna kuyenda mafamu atatu tsiku limodzi, ndipo akufuna kukumbukira kuti botolo liti linamukomera. Akatuluka amagula bokosi, ena amalembetsa kuti tiziwatumizira chaka ndi chaka. Ndalama yonse imatsala pafamu, popanda venda pakati.

Chimene chimandipweteka mtima ndi kapepala kakang'ono kamene kali pakhosi pa botolo. Kuyambira 1973 dziko lino lili ndi lamulo la Wine of Origin. Ukalemba dzina la dera pabotolo, mphesa zonse ziyenera kuchokera m'dera lomwelo, ndipo pali anthu oyendera amene amatsimikiza asanakupatse kapepalako. Chigwa chaching'ono chino anachigawa patatu, Hemel-en-Aarde Valley, Upper Hemel-en-Aarde Valley ndi Hemel-en-Aarde Ridge, ndipo alimi amakangana ndithu za kusiyana kwa vinyo wa kumtunda ndi wa kumunsi. Dzina ndilo chuma chawo, n'chifukwa chake amalilondera.

Ife tili ndi mayina okoma kuposa amenewa, koma alibe mlonda. Mpunga wa Kilombero aliyense amaudziwa fungo, koma pitani mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe: thumba lililonse ndi Kilombero, venda akulumbira pali Mulungu, pamene pansi wasakaniza ndi wina. Mlimi wa ku Karonga sapindula kanthu ndi dzina limene iye analikometsa. Tiyi wambiri wa ku Thyolo ndi Mulanje amadutsa pa okushoni ku Limbe n'kukasakanizidwa kunja ndi wa mayiko ena, dzina la Malawi osaonekanso papaketi. Chambo pahotela amangolemba kuti chambo. Sanena kuti ndi cha ku Makanjira, cha ku Nkhotakota kapena cha m'makola oweteramo nsomba, pamene msodzi aliyense angakuuzeni kuti sizifanana. Alipo ochepa amene anatsegula maso. Ku Satemwa amalawitsa tiyi pa esiteti pomwepo ndipo alendo amagona. Khofi wa Mzuzu amayenda ndi dzina lake. Ku Lilongwe a Linga amapanga vinyo wa zipatso zathu. Koma aliyense ali payekhapayekha, pamene kuno mafamu opikisana amasindikiza mapu amodzi, ndipo mlendo akafunsa kwina kolawa timamulozera kwa mnansi wathu mosanyinyirika.

Za kudya ndinene mwachidule, poti ndikayamba sinditha. Nsomba ya anthu ndi snoek, yaitali, yaminga zikuluzikulu zosavuta kuchotsa. Amaitumbula kuiyala pamakala n'kumaipaka batala wosakaniza ndi jamu wa apricot. Shuga pansomba, mudzati misala, koma lawani kaye ndi mbatata pambali. Pa Isitala nyumba zambiri za makaladi zimakonza pickled fish, nsomba yoviika mu viniga, anyezi ndi kale. Nyengo yozizira kuli waterblommetjiebredie, nyama ya nkhosa yophikidwa ndi maluwa omera m'madamu. Kuli roosterkoek, buledi wootcha pamakala, ndi bokkoms, tinsomba tamchere touma tochokera ku Velddrif, timene m'malesitilanti amatidula tizidutswa n'kutiika pambale yaikulu ndi mtengo wochititsa manyazi. Usipa wathu wofutsa sungagonje pamenepo, kungoti palibe amene anauvekapo tayi.

Komabe musaganize kuti ndatengeka. Pali mbali ina imene alendo saiona, chifukwa basi yawo imadutsa pa Zwelihle ndi Hawston mawindo ali otseka.

Vinyo wa ku Cape anayamba ndi akapolo. Jan van Riebeeck anafinya mphesa zoyamba mu 1659, ndipo minda ya Constantia imene Simon van der Stel anatsegula mu 1685 inalimidwa ndi anthu ogulidwa, ena ochokera ku Mozambique ndi Madagascar. Ukapolo utatha kunatsala dop system, kulipira wantchito gawo la malipiro ake ndi vinyo, m'mawa, masana ndi madzulo. Lamulo linaletsa kalekale, koma mchitidwewo unapitirira m'mafamu ena mpaka m'ma 1990, ndipo zipsera zake zilipobe: madera a mafamu a Western Cape ali m'gulu la malo amene ana ambiri padziko lonse amabadwa ovulazidwa ndi mowa umene mayi ankamwa ali woyembekezera. Amene munakulira pa maesiteti a fodya ku Kasungu ndi Mchinji, kumene tenanti amadya chimanga cha ngongole chaka chonse n'kutuluka chimanjamanja, mukudziwa mmene munthu amamangidwira popanda chingwe. Mu 2012 antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala ntchito n'kutseka msewu wa N1, ndipo chaka chotsatira malipiro otsikitsitsa a patsiku anakwera kuchoka pa R69 kufika pa R105. Kuchokera apo akhala akukwera, koma mayi wothyola Pinot Noir kuyambira mbandakucha sanalaweko botolo lake. Ine amene ndimalithira ndimalidziwa chifukwa bwana amafuna ndizitha kulifotokoza.

Nyanja nayonso ili ndi eni ake a papepala. Kuno kuli nkhono yotchedwa perlemoen, imene ku Hong Kong amaigula ndi ndalama zambiri. Anthu a ku Hawston akhala akuivuula m'madzi kuyambira makolo awo, koma kuyambira 2003 munthu wamba saloledwa kutola ngakhale yodya pakhomo. Makampani amaiweta m'mathanki ku New Harbour, ndipo alendo amalipira kukaona. Anyamata a m'makomboni amalowa m'madzi usiku, magulu a zigawenga akuwagula, apolisi akuwathamangitsa, ena osabwerako. Pamenepa ndiye kwathu tili patsogolo, ngakhale sitidziwa. Pachilumba cha Mbenje ku Salima, Mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi nyengo ya mvula n'kutsegula cha mu April ndi mwambo, mowa ndi juga pachilumbapo n'zoletsedwa, ndipo asodzi amamvera chifukwa lamulolo ndi lawo, nsombazo akadzatsegula n'zawonso. Mwana wa msodzi ku Senga Bay amadya chambo chomwecho chimene mlendo akudya pahotela. Mantha anga ndi akuti mipanda ya malo ogona alendo imene ikumera m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndi Salima, kutsekera amayi njira ya kudooko, ikutitengera komweku, tisanaphunzire n'komwe zabwino zake.

Inu amene mwandilembera kufunsa za ntchito yothyola mphesa, dziwani kuti ndi ya masabata owerengeka, ndipo mafamu ambiri salemba okha, amadzera mwa makontilakita amene amakutengani palole usiku kusanache. Funsani kaye ngati malipiro ndi a paola kapena a pabokosi, ndiponso ndani akulipira thiransipoti ndi malo ogona, chifukwa ena amadula zonsezo pamalipiro Lachisanu. Wopanda mapepala ndiye amene amamubera kwambiri, poti amadziwa kuti sakadandaula kulikonse. Ndipo bweretsani jekete yeniyeni. Ngakhale mu February, mphepo ya ku Walker Bay ikalowa m'chigwa m'mamawa, zala zimakana kugwira sizasi.