Maminibasi ali mbwee m'tauni, ife kumudzi tikugona pasiteji

Abale anga akumudzi ndi inu a m'tauni, lero ndilembako zazitali, mundipirire.

Lachiwiri lapitali ndinadzuka 3 koloko m'bandakucha ndi madengu anayi a tomato, cholinga ndikafike ku Wakawaka mavenda asanapikule kwa ena. Kwathu kuno kuseri kwa Mitundu, kumene tala anathera, timadalira minibasi imodzi. Tsikulo siinabwere, akuti inathyoka sipuling'i. Ndinakweza madengu pa kabaza wa njinga yamoto, awiriawiri, mpaka pa Mitundu. Pofika pamsika dzuwa lili pamutu, dengu limodzi linali litasanduka supu, otsalawo ndinagulitsa mtengo wongotaya. Miyezi itatu yothirira ndi khasu ndi keni kudimba, basi.

Chinandiwawa kwambiri ndi zimene ndinaona nditafika kudepoti. Maminibasi a ku Area 25 ali pamzere, a ku Kawale, a ku Biwi, a ku Area 23 chimodzimodzi. Oitanira anayi kukanganirana mayi mmodzi, wina wagwira chikwama, wina mkono. Madalaivala ena akuwodzera pachiwongolero kudikira kuti nthawi yawo yopakira ikwane. Ndinati kodi imodzi yokha mwa izi singabwere kwathu?

Usiku ndinagona kwa alamu anga ku Chinsapo. Iwo amayendetsa minibasi ya abwana ena amene ali nazo zisanu, zonse zimayenda m'tauni. Ndinawafunsa funso lomwelo. Anaseka nkuti, "Alamu, abwana amafuna tageti yawo madzulo aliwonse, mafuta ndi athu. M'tauni ngakhale ma Sienta ndi akabaza atilanda anthu, ndimapangabe matiripi angapo patala. Kwanu ndipanga tiripi imodzi, pobwera yodzaza, popita mipando yokhayokha. Ikathyoka kumeneko, makaniko ndimupeza kuti?"

Ndinakhala chete, chifukwa sananame. Galimoto imatsata ndalama yodziwika. Yathuyi ndi yongoyerekeza: lero tilipo 20 pasiteji, mawa atatu.

Achikulire mukukumbukira nthawi ya UTM. Kampani ija inagulidwa ndi Stagecoach mu 1989, kenako mu 1997 inasanduka Shire Bus Lines, nayonso inatha. Nthawi imeneyo kampani imodzi inali ndi madepoti ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo ndi ofesi imene inkagawa kuti basi iyi ipite njira yakuti. Basi ina inkagona kumudzi nkudzuka nafe m'mawa, katundu pamwamba. Inkachedwa, inkafa panjira, sindikukana, koma unkadziwa tsiku ndi ola. Lero aliyense ndi yake, palibe woti angalamule kuti zachuluka ku Kawale, ziwiri zipite kumidzi.

Ndiye tingolira? Ine ndaganiza chonchi, ndipo alamu avomera kukalankhula ndi abwana awo. Tisankhe masiku awiri pasabata, Lachiwiri ndi Lachisanu. Amene ali ndi ulendo azilembetsa dzulo lake kwa mlembi wa kalabu yathu, nkulipiriratu pafoni. Mipando ikakwana, minibasi izibwera madzulo kudzagona kuno, ine ndipereka mphasa ndi nsima kwa dalaivala ndi kondakitala. 4 koloko tizinyamuka. A tomato atsike pa Wakawaka, a mtedza ndi soya akalumikize ya ku Mgona, odwala akafike kuchipatala mzere usanatalike. Pobwerera tizitenga feteleza, mchere ndi simenti, isabwere yopanda kanthu.

Koma nafenso tili ndi mbali yathu. Pakhwawa paja pamene galimoto zimagunda pansi, tikathirepo miyala mvula isanayambe. Ndakamba kale ndi amfumu, ati Loweruka tikumane ndi makasu ndi mawilibala. Ndiponso tisamalembetse kenako nkuthawa m'mawa poti mwapeza matola. Tikatero kawiri, sadzabweranso.

Inu a m'tauni, tomato amene mumadandaula kuti wakwera ku Area 23 ndi yemweyu amene amaolera pasiteji kuno. Ngati muli ndi minibasi imene imathera tsiku pamzere, kapena mukudziwa mwini wake, mumuuze kuti kuno kuli anthu olipiriratu.

Olembetsa Lachisanu, dzina langa lili kale pamwamba, madengu atatu. Tatsala ndi mipando yambiri.