Mandasi a pa Utale ndi Botolo Lochokera ku Canada

Owerenga amene anayendapo pa sitima ya pamtunda m'masiku a Malawi Railways adzakumbukira kuti dzina la Utale linkamveka pa nthawi imene thukuta linali litayamba kale kuyenderera m'khosi. Sitima ikatsika zitunda za ku Blantyre ndi kuwoloka Shire, inkalowa m'chigwa cha milambe ndi mitengo ya minga, kumene dzuwa silidziwa nthabwala. Tili anyamata tinadutsapo kangapo, ndipo chimene chinatsala m'mutu mwathu ndi amayi othamangira ku mazenera a sitima atasenza malichero a mandasi, nthochi ndi mazira owiritsa. Sitinkadziwa kuti tidzakwatira komweko, ndi kuti mmodzi wa atsikana osenza malicherowo adzakhala alamu athu.

Loweruka pa 14 October 2023 tinanyamuka ku Zomba m'mamawa, ife ndi mayi a kunyumba, kukaona alamu athuwo, amene ndi achemwali awo a mayiwa ndipo ndiwo anawalera makolo atamwalira. Tsiku la Anakubala linagwa Lamulungu chaka chimenecho, motero Lolemba linali la tchuthi, sukulu nkutimasula masiku atatu. Basi yaing'ono inatiwolotsa Shire pa Liwonde ndi kutitula pa Balaka, ndipo kuchokera apo tinakwera njinga zamoto za kabaza kuloza kumwera, mu msewu wa fumbi. Pamene tinkakwatira dera lonseli linali m'boma la Machinga, limene akuluakulu ankalitchabe Kasupe. Balaka inakhala boma palokha mu 1998. Fumbi lokha ndilo silinasinthe boma.

Alamu athu ndi amasiye, ndipo nyumba yawo imaima pa chiwaya cha mandasi. Njanji yochoka ku Blantyre kunka ku Salima inatsegulidwa mu 1935, ndipo mu 1970 ina inapatukira pa Nkaya, pafupi pomwepa, kulunjika ku doko la Nacala. Kwa zaka zambiri amayi a kuno ankadyera pa mazenera a sitima. Koma sitima za anthu zinachepa, ndipo zimene zinachuluka pa Nkaya ndi zazitali zonyamula malasha a ku Moatize. Monga ananenera alamuwo, malasha sagula mandasi. Tsopano amagulitsa pa msika ndi pa njira yopita kuchipatala, pamene amayi ena ambiri amakhala pa mzera womwewo ndi mandasi ofanana ndi awo kukula, maonekedwe ndi mtengo womwe.

Titalandira madzi ndi kulonjerana, analowa m'nyumba natuluka ndi kabotolo kokulunga m'chitenje. Mnyamata wina wa pachibale amene iwo anamulera, yemwe anali pa maphunziro ku Canada, ndiye anakatumiza kudzera mwa mnzake wobwera kumudzi. M'kati munali manyuchi ofiirira onga uchi wosungunuka, ndipo panali kalata ya masamba awiri yolongosola kaphikidwe ka mandasi aatali, opaka manyuchiwo pamwamba, amene anthu a ku Canada ndi ku America amawatcha Long John kapena maple bar.

"Alamu, inu ndinu aphunzitsi," anatero. "Tiwerengereni bwino kalatayi. Mwina ndikaphika osiyana ndi a anzanga, anthu adzaima pa ndowa yanga. Koma Canada ameneyu, si uja anatimangira njanji ya ku Lilongwe?"

Tinavomera kuti ndi yemweyo, pakuti njanji ya Salima mpaka Lilongwe, imene inatsegulidwa mu 1979, inamangidwa ndi chithandizo cha dziko limenelo. Tinawafotokozeranso za mtengo wa maple, umene tsamba lake lili pa mbendera ya Canada kuyambira mu 1965. Chisanu chikayamba kutha, cha m'mwezi wa March, pamene usiku madzi akuundanabe koma masana akusungunuka, anthu amaboola thunthu la mtengowo ndi kutchera madzi amene amadontha. Madziwo amangozuna pang'ono, ndipo kuti apeze lita imodzi ya manyuchi amawiritsa malita pafupifupi 40. Eni dziko akale ndiwo anayamba luso limeneli Azungu asanafike, ndipo chigawo cha Quebec chokha chimatulutsa manyuchi oposa theka la onse a pa dziko lapansi. Alamu atamva za malita 40 anagwira pakamwa, nafunsa kuti nkhuni zake amazitola kuti.

Masana omwewo tinayamba ntchito. Muyeso wa m'kalata, titausandutsa kukhala wa makapu ndi masupuni athu, unali wotere: ufa wa tirigu kilogalamu imodzi, kapaketi kamodzi ka yisiti ka magalamu 10, shuga theka la kapu, mchere supuni yaing'ono, mazira 2, majarini masupuni aakulu 4, ndi mkaka wofunda makapu 2. Mkakawo uyenera kukhala wofunda ngati madzi osambitsa khanda, chifukwa yisiti ndi chinthu chamoyo ndipo madzi otentha amamupha. Iye amadya shuga ndi kutulutsa mpweya, ndipo mpweyawo ukakodwa mu ufa wokanda bwino ndiwo umafufumitsa. Nchifukwa chake kukanda sikufuna ulesi: mphindi 10 zathunthu, kufikira ufa utasalala ndi kuleka kumata m'manja. Popeza alamu anafuna okwanira kugulitsa, tinawirikiza kawiri, makilogalamu 2, ufa wa mpamba wawo.

Apa ndi pamene tinalakwa, ndipo tilembe poyera kuti olakwa tinali ife, osati mayi aliyense. Kalata inati ufa uvundikiridwe maora awiri. Patangopita mphindi 40 alamu anavundukula nsalu, nabaya ufa ndi chala, nati, "Alamu, uwu wakwana." Ife tinayang'ana wotchi, tinayang'ananso kalata, ndipo ndi mawu amene timalankhulira kwa ana a Sitandade 7 tinati malangizo alembedwa kuti atsatidwe. Mwaulemu wawo anabwezera nsalu, osanenanso kanthu. Mphunzitsi amene wakhala zaka 30 akuuza ana kuti chigwa cha Shire nchotentha kuposa phiri la Zomba anaiwala kuti yisiti nayenso amamva kutentha, ndi kuti kalatayo inalembedwa m'dziko limene madzi amaundana pabwalo.

Maora awiri atakwana, ufa unali utasefukira m'beseni ndi kuphweranso pakati, ukununkha ngati mowa wa masese. Tinayesa kuudula, koma unkangotamuka ndi kung'ambika. Amene tinaponya m'chiwaya anamwa mafuta ngati thonje, natuluka osasa, aphwatalala, oti ngakhale adzukulu anangoluma kamodzi ndi kuyang'ana agogo awo. Pamenepo ndi pomwe mayi a kunyumba anatinong'oneza kuti ufawo ndi mafutawo anagulidwa ndi ngongole ya ku banki mkhonde, ndipo tsiku lobweza linali Lachinayi. Tinapita ku okala dzuwa litapendeka kukagula ufa ndi mafuta ena. Alamu anakana kawiri, ati mlendo salipira ndiwo zopserera. Kachitatu analandira chifukwa mng'ono wawo anawakumbutsa kuti mawa lake linali Tsiku la Anakubala.

Lamulungu chiwaya chinapuma. Titabwera kopemphera tinayenda pang'onopang'ono kukaona dera. Ansembe a chipani cha Montfort anakhazikitsa mishoni pa Utale mu 1908, patapita zaka 7 chifikireni pa Nzama, ndipo pambuyo pake anatsegula malo osamalirapo odwala khate, amene anthu amawatcha Utale 2. Khate lili ndi mankhwala ochiza tsopano, koma dzina la Utale linadziwika m'dziko muno chifukwa cha ntchito imeneyo, pa nthawi imene wodwala nthendayi ankathawidwa ndi abale ake omwe. Tinatsikira ku mtsinje wa Rivirivi, umene mu October umaoneka wofatsa, mchenga wambiri madzi pang'ono. Wosaudziwa sangakhulupirire kuti ndi womwewu unagumula mlatho wa njanji mu January 2003, sitima nkulephera kufika ku Lilongwe mpaka 2005. Minda ya thonje inali mapesi okhaokha, ikudikira mvula. Milambe inali itaima paliponse, ina yoti amuna asanu sangaikumbatire, ndipo tinaona kuti pafupifupi khomo lililonse linali ndi thumba la malambe pakhonde, otsala a m'nyengo yachisanu.

Pobwerera alamu anali chete, kenaka anafunsa funso limene ife ndi kalata yathu sitinaliganizire: kabotolo kakatha, adzapaka chiyani? Manyuchi a maple sapezeka pa Balaka, ndipo ngakhale atapezeka mu sitolo za m'tauni, mtengo wake ungameze phindu la mwezi. Anatola lambe limodzi pakhonde la mnansi, naligogoda pa mwala, nati ayesa zawo.

Lolemba anatidzutsa tambala woyamba atangolira, kunja kukali kozizira. Tsopano kalata inakhala m'thumba, ife tinapatsidwa ntchito yogwira nyali. Anakanda, navundikira, ndipo ufa utafufuma kufika pa msinkhu wowirikiza kawiri anaubaya ndi chala. Dzenje litatsala osatsekeka msanga anati wakwana. Tinaba kuyang'ana wotchi: mphindi 50. Anawaza ufa pa thebulo, natambasula wokandawo ndi botolo lopanda kanthu mpaka unachindikala ngati chala, naudula timizere totalika ngati chikhatho, m'lifupi zala ziwiri. Timizereto anatiyala pa lichero lowaza ufa kuti tifufumenso mphindi 15. Kufufuma kwachiwiriku ndiko kumasiyanitsa mandasi amenewa ndi amene tinazolowera, pakuti kumawapepuza m'kati ngati buledi wa lero.

Kalata inkati mafuta atenthe madigiri 180. Alamu alibe choyezera, koma amaponya kachidutswa ka ufa: kakamira ndi kukhala pansi, mafuta sanapse, kakada nthawi yomweyo, apsa kwambiri ndipo nkhuni imodzi iyenera kuchoka pa moto, kakamira ndi kuyandama msanga kakuchita thovu, nthawi yakwana. Ankaponya anayi okha pa nthawi imodzi, ati ukadzaza chiwaya mafuta amazizira ndipo mandasi amayamba kumwa. Mbali iliyonse inkatenga mphindi imodzi ndi theka. Anatuluka ofiirira, ali ndi kamzera koyera m'mbali monga lamba, chimene alamu anati ndicho chizindikiro chakuti ufa unafufuma pa muyeso wake.

Zopaka pamwamba zimafuna shuga wosalala ngati ufa woyera. Popeza wotereyu sagulitsidwa pa okala, mayi a kunyumba anasinja shuga wamba mu mtondo wouma ndi kumusefa kawiri. M'mbale yoyamba anasakaniza kapu imodzi ya shugayo, supuni ya majarini osungunula, masupuni 3 a manyuchi a maple ndi timadontho ta mkaka. M'mbale yachiwiri munalowa kapu ya shuga yemweyo, masupuni 2 a ufa wa malambe wosefa, majarini ndi madzi pang'ono. Mandasi atazizirako, koma akali ofunda, ankawaviika nkhope imodzi ndi kuwayala kuti aume.

Tinalawa onse awiri ndi tiyi, dzuwa likutuluka. A maple ali ndi fungo labwino, longa la shuga wopserera pang'ono pamodzi ndi utsi wa nkhuni, ndipo tikumvetsa chifukwa chake mnyamata uja anawakonda. Koma kwa ife kuzuna kwake kunaposa muyeso. Shuga pa shuga amatopetsa lilime, ndipo munthu ukadya awiri umafuna madzi. A malambe anali ena. Kuwawasa kwa malambe kunadula mafuta ndi kuchepetsa kuzuna, kotero kuti tinadya atatu tisanazindikire kuti tikudya mpamba wa eni ake. Mwina ndi lilime la munthu wokulira kuno, koma ndi anthu okulira kuno amene amagula pa Utale.

Alamu anasenza ndowa cha m'ma 6 koloko. Pamene tinkamanga katundu cha m'ma 10 anali atabwerako, a malambe atatha onse. Anabweranso ndi phunziro lina: asanu a pansi pa ndowa anali atamatana, chifukwa dzuwa litakwera shuga anayamba kusungunuka, ntchentche nazo zitamva. Anati malonda amenewa ndi a m'mawa mokha, ndipo ayenera kuyalidwa pa lichero lovundikira ndi nsalu yoyera, osati kusanjikizidwa. Anawerenga ndalama pa mphasa kawiri, napatula za Lachinayi, nazimanga pa mfundo ya chitenje.

Tinakwera kabaza masana, thukuta lili kamukamu, titanyamula thumba la malambe ndi mandasi 6 okulunga m'pepala, amene pofika pa Liwonde anali atasanduka chinthu chimodzi.

Mwezi wotsatira, mu November 2023, ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo ufa wa tirigu, umene wambiri umachokera kunja, unakwera pamodzi ndi mafuta. Alamu anatiuza pa foni kuti sanakweze mtengo, koma anafupikitsa mandasiwo ndi chala chimodzi, ndi kuti amayi awiri a pa mzera wawo anali atayamba kale kusinja malambe. Manyuchi otsala anawamalizira pa Khirisimasi, kupakira adzukulu. Kabotolo anakatsuka, ndipo tsopano amasungiramo yisiti.