Adamu Nayenso Adayamba Wafunsidwa

Kalatayo idafika Lachisanu madzulo pa lamya ya m'manja ya mlongo wanga wamkulu. Iye Chingerezi adachilekeza ku Sitandade 6, choncho adakwera kabaza nadzandipeza ndikutseka ofesi ya parishi. "Achimwene, tandiŵerengerani. Mwana wanu wangotumiza osanenapo kanthu, ndipo ndikamuimbira sakuyankha."

Mwanayo ndi mphwanga, wachisamba wa mlongo wangayo. Adapita kunja mu 2018 kukaphunzira udokotala wa mano, pakuti nthaŵi imeneyo maphunziro otere anali asanayambe kuno kwathu. Adadzayamba mu 2019 ku Blantyre, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow ya ku Scotland. Kuti mnyamatayo akwere ndege, padagulitsidwa ng'ombe ziŵiri ndi ngolo yomwe. Tsono kalata ija inkati akumuganizira kuti adalemba zabodza malo asanu m'kabuku kake ka ntchito, kuti akaonekere pamaso pa komiti patapita masiku khumi, ndi kuti chilango chake chingathe kukhala kuchotsedwa sukulu. Umu munali mu 2021, iye ali m'chaka chachinai mwa zaka zisanu.

Kabuku kameneka nkofunika kukafotokoza. Wophunzira za mano sayambira pa munthu ai. Amayambira pa mitu ya zidole yokhala ndi mano apulasitiki, kuŵaboola ndi kuŵamata mpaka dzanja litazoloŵera. Pambuyo pake ndiye amamlola kugwira odwala enieni, mphunzitsi ali chiimire pambali. Sukulu imaika chiŵerengero cha mano amene ayenera kuzula, amene ayenera kumata, ndi mano oikirira amene ayenera kupanga asanaloledwe kulemba mayeso. Ntchito iliyonse imalembedwa m'kabukumo, mphunzitsi nkusaina kuti waiwona ndi maso ake. Koma mu 2020 mliri wa Covid-19 udatseketsa zipinda zambiri zophunziriramo, poti kamakina koboolera dzino kamauluza timadontho ta malovu mumpweya. Miyezi idapita, odwala adasoŵa, ndipo masamba a kabuku ka mphwanga adatsala oyera.

Ndiulule kuti usiku umenewo ndidaganiza ngati mtsibweni basi. Chibale ndi fupa, ndipo ndisanamve liwu ndi limodzi lomwe ndinali nditagamula kale kuti akumuzonda poti ndi mlendo. Ndidaŵaweruza aphunzitsi aja osaŵamva, chimene ndinkaopa kuti iwo amchitira mwana wathu.

Kutacha ndidamupeza pa lamya, ndipo chinthu choyamba chimene tidachita chinali chosasangalatsa konse: kuŵerenga buku la malamulo a sukulu, lomwe iye adalandira chaka choyamba nkuliponya pansi pa sutikesi. M'menemo tidapeza kuti makomo otulutsira wophunzira alipo aŵiri, ndipo munthu ayenera kudziŵa khomo limene amuimikapo. Lina nlakulephera maphunziro, lina nlamakhalidwe.

Kusiyana kwake kudamveka bwino pa mlandu wina wa ku America. Charlotte Horowitz, wophunzira udokotala pa yunivesite ya Missouri ku Kansas City, adachotsedwa ali m'chaka chomaliza, osati chifukwa cha mayeso apapepala, koma chifukwa aphunzitsi sadakhutire ndi kagwiridwe kake ka odwala. Nkhani idakafika ku bwalo lalikulu kopambana m'dzikomo, ndipo mu 1978 oweruza adati pa nkhani ya luso la wophunzira sipafunika kuzenga mlandu ngati kubwalo. Nkokwanira kuti adachenjezedwa, ndi kuti aphunzitsi adalingalira modekha asanagamule. Koma bwalo lomwelo, mu 1975, linali litanena kuti mwana wasukulu woganiziridwa kuti wapalamula ayenera kuuzidwa mlandu wake ndi kupatsidwa mpata woyankha asanaimitsidwe, ngakhale kwa masiku oŵerengeka chabe. Aŵa ndi malamulo a ku America, komabe nzeru yake ndidaipezanso m'buku la mphwanga. Wolephera maphunziro sapindula potsutsa kuti mphunzitsi sadziŵa kuchonga. Chomuthandiza nkuwonetsa, ndi mapepala m'manja, matenda kapena maliro amene adamsokoneza, kapena kuti sukulu idalumpha malamulo ake omwe. Woimbidwa mlandu wamakhalidwe funso lake nlimodzi: kodi udachita, kapena sudachite?

Mkulu wina wa pasukulupo adamlangiza mwachifundo kuti angolemba kalata yosiya yekha, kuti mbiri yake isade. Tidakana, chifukwa bukulo linkanena poyera kuti wosiya yekha sangachitenso apilo. M'malo mwake adalemba kalata yaulemu yopempha kuti amuwonetse umboni wonse tsiku lisanafike, napempha mmodzi wa atsogoleri a ophunzira kuti akakhale naye, pakuti loya sankaloledwa kulankhula m'bwalomo. Makolo amene ana anu ali m'makoleji a boma kuno kwathu, dziŵani kuti gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limapatsa munthu ufulu woweruzidwa mwa njira yolungama, ndi wolandira zifukwa zolembedwa pamene chigamulo cha akuluakulu chikumkhudza. Ambirife timachita manyazi kupempha zimenezi, ngati kuti kufunsa chifukwa ndi chipongwe.

Umboni utafika, zinthu zidayamba kuŵala. Malo atatu mwa asanu aja adasaina ndi dokotala wina wobwera Lachiŵiri lokhalokha, amene siginecha yake yapachangu inkasiyana ndi imene idasungidwa ku ofesi. Makadi a odwala ndi kaundula wa chipinda zidagwirizana ndi kabuku, tsiku ndi dzino lomwe. Ndidasangalala. Ndidafunsa za malo aŵiri otsalawo, ndipo lamya idangoti zii kwa nthaŵi yaitali, mpaka ndidaganiza kuti mayunitsi atha.

"Atsibweni," adatero, "lachinailo dzino ndidamatadi ndine, koma aphunzitsi adachoka osasaina, ndiye ndidasaina ndekha. Lachisanulo adagwira ndi mnzanga. Ine ndinkangomgwirira kapaipi koyamwa malovu."

Kenaka adanena chimene chinali kumtima kwake chiyambire. "Poti zitatuzi zatsimikizika, ziŵirizi akhulupiriranso. Palibe amene angakumbukire za tsiku limenelo."

Sindidamuyankhe usiku umenewo. Ndidagona ndikuŵerengera ng'ombe zija, ndipo sindinama, nzeru yake ndidaiwona kuti ingathe kugwira.

Ku seminale mphunzitsi wathu wa malamulo ankakonda nkhani ya Richard Bentley, katswiri wa Chigriki ndi Chilatini amene anali mkulu wa Trinity College ku Cambridge. Munthuyu anali waliuma ndi wokonda mikangano, ndipo mu 1718 yunivesite idamlanda madigiri ake onse osamuitana kuti adzayankhepo. Mu 1723 bwalo la mfumu ya ku England lidati kulandako kunali kosalungama, ndipo woweruza wina, Fortescue, adakumbutsa anzake kuti ngakhale Mulungu amene sadamgamule Adamu asanamuitane ndi kumfunsa. Tili anyamata nkhaniyi tinkaikonda kwambiri, makamaka poti tidaawonapo anzathu akunyamula sutikesi m'mamaŵa popanda wotiuza chifukwa. Koma usiku uja ndidaiwona mbali imene sindinkaisamala. Adamu adapatsidwadi mpata wolankhula, ndipo mpatawo adautaya poloza mkazi wake, mkaziyo naloza njoka. Bwalo lidatsata njira yake yonse, koma panalibe ndi mmodzi yemwe woti ndine. Ife timalimbira ufulu woti atimve, ndipo nkoyenera kutero. Za chimene tikanene akatitchera khutu sitiganizako kwenikweni.

Ndidaganizanso za munthu wina amene sakanakhala nao m'chipinda cha komiti. Ine mpando wa dokotala wa mano ndimauwopa kuposa guwa la tchalitchi chodzaza. Munthu umagona chagada, utayasama, sungathe kufunsa kapena kukana, ndipo umangokhulupirira kuti dzanja lili m'kamwa mwakoli lidaichitapo kale ntchito imeneyi pamaso pa wina wodziŵa. Chikhulupiriro chonsecho chagona pa kabuku kaja. Mphwanga ankawona kuti adanamiza ofesi. Ine ndinkawona mai wina wa kutsogolo, wotupa tsaya, amene wayenda mtunda wautali wapansi ndi mwana kumbuyo.

M'maŵa mwake ndidamuuza kuti pa zitatu zija ndimthandiza kulimbana mpaka pomaliza, osagonja ndi pang'ono pomwe, koma kuti pa ziŵirizo sindingamthandize kuluka bodza. Adakwiya. "Inu mulibe ana, nchifukwa chake mukutero." Mau amenewo adandilasa, ndipo mwina anali ndi choona chake. Padapita masiku aŵiri osandiimbira. Tsiku lachitatu adanditumizira zimene adalemba kuti ndimkonzere Chingerezi. Adaayamba ndi mliri, kusoŵa kwa odwala, ndi aphunzitsi osakhazikika, ndipo kuvomera kwake kunali kumapeto, kobisika ngati ndiwo zochepa pansi pa nsima. Tidatembenuza. Kuvomera kudabwera poyamba, m'ziganizo ziŵiri zosazungulira. Kenaka umboni wa zitatu zija, khadi ndi khadi. Pomaliza mavuto a chaka chija, atanenedwa ngati zochitika, osati ngati chodzikanira. Adawonjeza yekha pempho lakuti amlole kubwerezanso ntchito zonse za gawolo pamaso pa mphunzitsi aliyense amene iwo angasankhe. Dzina la mnzake uja adalitchula pokhapo ponena kuti iyeyo sankadziŵa kanthu.

Bwalo lidatenga maora aŵiri. Milandu itatu adaithetsa. Pa iŵiri adampeza wolakwa, namuimitsa sukulu chaka chathunthu, kuti akabwerera akayambirenso chaka chachinai, ndipo nkhaniyi idalembedwa m'faelo yake. Kalata ya chigamulo idanena kuti ena m'komitimo ankafuna kumchotseratu, ndi kuti chidampulumutsa nchakuti adavomera asanapanikizidwe.

Chaka cha 2022 adachithera kumudzi, akuthandiza pa chigayo cha mnansi wathu, anthu akumfunsa tsiku ndi tsiku ngati udokotala udatha. Zaka ziŵiri zowonjezerazo zidadya mbuzi zonse za m'khola la mai ake. Mlongo wanga amakhulupirira mpaka lero kuti mwana wake akadakana zonse akadapulumuka osalangidwa, ndipo ine sindingamtsimikizire kuti akulakwa.

Mphwanga adamaliza mu 2024. Polembetsa ku bungwe lopereka chilolezo kwa madokotala, adapeza funso pa fomu lofunsa ngati adalangidwapo ali pasukulu. Adandiimbira, osati kudzafunsa choyankha, koma kufunsa ngati ndidasunga kalata ya chigamulo ija, poti yake idamsoŵa ndipo ankafuna kuiphatika pa fomuyo. Ndidaipeza m'kabati ya ku ofesi, pansi pa kaundula wa maukwati.