Tenti ya Bambo

Tili ana ku Amaveni, mu Kwekwe, nyanja tinkaidziwa imodzi yokha: damu la Sebakwe. Sukulu zikatsekera mu Disembala, bambo ankabwereka galimoto ya mnzawo wa kumgodi n'kupakiramo ife ana anayi, mphika, thumba la ufa ndi tenti ya lona yobiriwira yomwe anagula kwa mzungu wina amene ankasamukira ku South Africa mu 1980. Tinkagona m'mbali mwa damulo masiku atatu. Akakola nsomba ankaitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Awa ndi makumba. Chambo simunachione inu." Tsiku lina ndinawafunsa ngati nyanja ya kwawo imaposa Sebakwe. Anaseka mpaka kutsokomola. "Naphiri, ichi ndi chithaphwi."

Bambo anabadwira m'mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi. Anachokako mu 1958 ali ndi zaka 17, nthawi ya Chitaganya, pamene anyamata ambiri a ku Nyasaland ankatsikira ku Southern Rhodesia, ena kudzera kwa Mthandizi, ena paokha. Anayamba ntchito pamigodi ya chrome ku Shurugwi, kenako anasamukira ku golide wa ku Kwekwe. Ankati adzabwerera pakatha zaka ziwiri ndi njinga ndi bulangete la amayi awo. Zaka ziwirizo zinabala zinzake. Anakwatira amayi athu, mwana wa m'komboni wa makolo a ku Dedza, ife tinabadwa, makalata anayamba kuchepa, kenako anatheratu. Kwawo munthu wotere amamutcha mtchona.

Kunonso sitinali eni dziko. Kusukulu ankatinena kuti mabwidi. Pa chitupa changa panali polemba kuti ndine mlendo, ngakhale mchombo wanga unagwera ku Amaveni komweko, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linatiika ambiri a ife pamphambano. Malamulo atsopano a dziko a mu 2013 ndi omwe anatsegula njira kwa ife obadwira mu Zimbabwe kwa makolo ochokera m'maiko oyandikana nawo. Nditangolandira pasipoti yanga, ndinauza bambo kuti ulendo woyamba ndi wa kunyanja. Anakana chaka chathunthu. Anadzavomera mu 2015, koma anaika lamulo limodzi: tinyamule tenti.

Tinanyamuka mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ine ndi bambo ndi mwana wanga wamwamuna amene ankayendetsa. Tinadzera ku Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Malawi pa Mwanza, kenako Zalewa, Balaka, Liwonde ndi Mangochi. Njira yonse bambo ankalongolola za m'komboni, za gule wa Loweruka ndi anzawo omwe anatsogola. Koma titapatuka pafupi ndi Monkey Bay n'kuyamba kukwera timapiri topita ku Chembe, anangoti zii. Nyanja itaonekera pakati pa mitengo, anavula chipewa n'kuchiika pamwendo.

Ine ndinkaganiza kuti tikafika tifunsa kwa amfumu za abale. Bambo anakana. Tinakakhoma tenti pamalo ena ogona alendo, pamchenga, pakati pa atsikana awiri a ku Germany ndi banja lina la ku Johannesburg. Lona wathu wa zigambazigamba ankaoneka ngati nkhalamba pakati pa adzukulu. Usiku ndinawafunsa chifukwa chake.

"Mwanangu, ine ndinali mwamuna woyamba m'nyumba mwa amayi," anatero. "Mbumba yonse inkayang'ana kwa ine. Amayi amwalira, sindinabwere. Alongo anga akwatiwa, unkhoswe anagwira ena. Lero ndikagogode pakhomo ndi chiyani m'manja? Penshoni inapita ndi ndalama zija za 2008. Bola ndigone ngati mlendo, ndione madzi, ndibwerere."

Sindinayankhe. Patali panyanja panali nyali zambirimbiri za asodzi a usipa, ngati tauni yoyandama. Bambo ankazitsata ndi maso, akundiuza momwe bwato la nyali limakokera nsomba kuti chilimira chizizungulire. Mawu ena omwe ankatchula sindinawamvepo pakamwa pawo zaka zanga zonse.

M'mawa tinapita ku paki. Lake Malawi National Park anaikhazikitsa mu 1980 pofuna kuteteza mbuna, tinsomba tamitundumitundu ta m'miyala, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Pachipata, mnyamata wolipiritsa anaona mapepala athu: bambo mtengo wa nzika, ine ndi mwana wanga mtengo wa alendo. Bambo anasekerera. "Zaka 57, lero ndi pomwe pepala langa landitsitsira mtengo." Tinakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi, komwe ankawedza ali mnyamata. Lero m'mbali mwa zilumbazo saloleza kuwedza. Ataona azungu atavala magalasi, nkhope zili m'madzi, anapukusa mutu. "Mbuna zomwezi? Ife tinkazisiyira ana."

Pobwerera tinaima pamanda a amishoni a ku Scotland, omwe anafika pamalopa mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawavuta. Bambo anayang'ana miyala yolembedwa bwino ija kwa nthawi yaitali. "Awa anachokera kutali, koma pogona pawo pakudziwika," anatero. "Ine pomwe anagona amayi anga sindipadziwa."

Mudzi sungabisike munthu. Bambo anali atagula kampango kwa msodzi wina padoko, ndipo pokambirana mtengo anatchula dzina lakale la mwala wina wa m'nyanjamo, lomwe achinyamata salitchulanso. Tsiku lachitatu m'mamawa, ndikukoleza moto, kunafika mayi wina wa msinkhu wanga, chitenje chili m'chiuno, n'kugwada chapatali ndi tenti.

"Odi kuno. Akuti kwabwera agogo a ku Halale. Ndimati ndifunse, iwowo ndi a kwa yani?"

Bambo anatuluka chokwawa, monga umatulukira mu tenti, n'kutchula dzina la amayi awo. Mayi uja anagwira pakamwa. Anali mwana wa mlongo wawo wamng'ono, yemwe bambo anamusiya akuyamwa.

Sanalire nthawi yomweyo. Anayang'ana tenti, n'kuyang'ana bambo. "Malume, mwagona pamchenga masiku atatu ngati azungu, nyumba ilipo?"

"Ndabwera chimanjamanja, mwanangu."

"Agogo ankati mudzabwera ndi njinga. Njinga tinagula tokha, malume. Chomwe chinkasowa ndi inu."

Masana omwewo, atapempha kwa amfumu, anatitengera kumanda. Anatilozera mitumbira itatu yopanda miyala: amayi awo a bambo ndi alongo awo awiri. Bambo anakhala pansi, miyendo atatambasula ngati mwana, n'kuyamba kufotokoza za moyo wawo wonse motsitsa mawu: Shurugwi, Kwekwe, ukwati, maina a ife ana, imfa ya amayi athu mu 2009. Zinali ngati akuwerenga makalata onse omwe sanalembe. Madzulo tinazula tenti. Anyamata a pabanjapo anainyamula pamutu kudutsa m'mudzi, ana akutilondola m'mbuyo.

Tinakhala sabata ina m'nyumba ya msuweni wangayo. Ana ake ankaseka Chichewa changa, ati chimamveka ngati cha agogo koma chothira Chishona. Ndinadya chambo koyamba, ndipo ndinavomereza kuti bambo sankanama. Abale anawapempha kuti atsale, malo omanga alipo. Ine mtima unali m'malere, chifukwa ndinkaona ngati avomera.

Anakana mwaulemu. Tili m'galimoto, titadutsa Liwonde, anandiuza kuti, "Amayi anga ali ndi anthu owasesera. Amayi ako ku Kwekwe ali ndi ine."

Anamwalira mu 2018, ndipo tinawaika pafupi ndi amayi. Msuweni wanga anabwera pa basi, ulendo wa masiku awiri, ndi kabotolo ka mchenga wa ku Chembe komwe anakhuthulira m'manda. Panopa timalankhulana pa WhatsApp pafupifupi sabata iliyonse, ndipo mwana wake akafuna kukwatira akuti ine ndisadzasowe.

Tenti ija ili ndi ine. Disembala wapitayu ndinapita nayo ku Sebakwe ndi adzukulu anga awiri. Imadontha pakona imodzi, ndiye timaikapo beseni. Wamng'onoyo atakola kansomba anathamangira kwa ine, akufunsa ngati iyi ndiyo nyanja yomwe ankanena agogo aamuna. Ndinakatembenuza uku ndi uku. Ndinamuuza kuti awa ndi makumba, ndipo kuti ayambe kusunga ndalama ya pasipoti.