Judo ndi Nchito ya Mphunzitsi

Ndiri ndi kanthu kondicititsa manyazi pang'ono, koma ndikanena. Ine, munthu womera imvi, ndinayamba kuphunzira judo, ndiwo masewera a kugwetsana ocokera ku Japan. Wondiphunzitsa ndiye mnyamata amene kale ndinamphunzitsa kuwerenga, nabwera nalo lusoli kucokera ku tauni. Madzulo atatu pa sabata tinayala matumba a udzu m'nyumba ya sukulu, ndipo mwezi wathunthu sanandilole kugwetsa munthu, koma kuphunzira kugwa kokha: kugwa cagada, cibwano pa cifuwa, ndi kumenya pansi ndi mkono kuti mutu ungapweteke.

Zinandikomera kopitirira muyeso. Mabuku a ana anaunjikana pa gome osaconga, udzu unakula m'cimanga, ndipo akazi anga anati, "Bambo, kodi matumba aja adzatidyetsa?" Coipa koposa cinadza m'mawa wina pamene ndinaima pamaso pa ana wosakonzeka, phewa liri kuwawa, ndipo ndinalakwa samu pa bolodi. Kamtsikana kena kanandikonza mwaulemu. Ana sanaseke, kukadakhala bwino akadaseka.

Ndinati ndileke. Koma mnyamata uja anati, "Aphunzitsi, mwini masewerawa analinso mphunzitsi monga inu." Ndipo nzoona. Jigoro Kano anayamba judo m'caka ca 1882 m'kacisi wina wa ku Tokyo, pa mphasa 12 zokha, ali kuphunzitsanso sukulu. Pambuyo pace anakhala mkuru wa sukulu ya aphunzitsi ya m'mudzi womwewo zaka zoposa 20. Ciphunzitso cace cacikuru cinali cakuti mphamvu isatayike cabe: mnzako akakukankha, usalimbane naye, koma umkoke, agwe ndi mphamvu yace yomwe. Polingalira ici ndinaona kuti ine ndinalikukankhana ndi nchito yanga, ngati kuti ndiyo mdani wondilanda nthawi, pamene ndiyo yondidyetsa, ndipo makolo anandipatsa ana ao mokhulupirira.

Tsopano ndipita ku matumba kawiri pa sabata, ndipo sindinyamuka buku lotsiriza lisanacongedwe. Nyengo ya kupalira matumba angokhala ounjika pa ngondya. Cotero luso langa likula pang'onopang'ono, ndipo anyamata amene anayamba m'mbuyo mwanga andigwetsa kale. Dzulo lomweli wina anandigwetsa katatu, napepesa katatu konse.