Tsiku limene ndinafuna kulowa ndi likasa

Chaka chatha mu Meyi ndinapita kuchipatala chaching'ono cha kwathu kuno chifukwa cha mutu umene sunkandipatsa mpata. Atandiyeza, adokotala anati magazi anga akuthamanga kwambiri, 152/96. Mtima unagunda, chifukwa bambo anga anamwalira atafa ziwalo ndi BP yomweyi, ndipo ine ndinali ndi zaka 36 zokha. Anandilangiza kuchepetsa mchere ndi kulimbitsa thupi, nanditchulira malangizo a bungwe la WHO akuti munthu wamkulu azichita zimenezi mphindi zosachepera 150 pa sabata.

Mnzanga amene tinaphunzira limodzi ku Domasi atamva, anandilowetsa m'gulu la pa WhatsApp la anthu othamanga. Ena anali ku Lilongwe, ena ku Mzuzu, awiri ku Johannesburg. Lamulo linali limodzi: kwa masiku 100, aliyense athamange mtunda wosachepera makilomita 1.6 tsiku lililonse, ndipo atumize chithunzi cha mtundawo kuchokera pafoni tsiku lisanathe. Ukaphonya, uyambirenso pa 1.

Kumudzi munthu wamkulu sathamanga popanda chifukwa. Tsiku loyamba amayi ena opita kumjigo anatula ndowa pansi n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kwagwanji?" Agalu ankandiperekeza, ana a sukulu ankaseka kumbali. Ndinayamba kudzuka 5 koloko m'mawa, nsapato zanga zapakaunjika zili kale pakhomo. Ndikabwerako ndinkakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, pokhapo pamene netiweki imagwira, kuti nditumize chithunzi. M'chisanu cha Juni, chondichotsa m'bulangete chinali manyazi oti anzanga aona kuti dzina langa palibe.

Pa tsiku la 41 kunagwa maliro a agogo ena oyandikana nafe. Tinachezera pasiwa, kutacha tinapita kumanda, ndipo tinabwerako dzuwa litapendeka. Kodi ndikanavala kabudula n'kumathamanga m'mudzi muli chisoni? Usiku umenewo ndinakwera pachulu paja ndi maganizo oipa. M'foni munali chithunzi chakale chosaonetsa tsiku. Ndikanachitumiza, palibe akanadziwa, ndipo masiku anga 40 akanapulumuka.

Koma sabata yomweyo ndinali nditagwira mwana wa Fomu 2 ndi likasa pa mayeso, ndipo ndinamuuza pamaso pa anzake kuti malikisi akuba saonjezera nzeru. Ine ndinkafuna kubera ndani? Makina a adokotala sawerenga zithunzi za pa WhatsApp. Ndinangolemba kuti, "Lero sindinathamange, tinali pamaliro."

Mayankho sanachedwe. Ambiri anapepesa, ndipo namwino wina wa ku Mzuzu anaulula kuti iye anali atayambiranso katatu. Komabe kubwerera pa 1 kunandifoola, moti masiku atatu otsatira sindinatuluke. Tsiku lachinayi kunja kusanayere ndinamva kugogoda. Anali anyamata awiri a Fomu 3 amene anali atazolowera kunditsatira chapatali. "Aphunzitsi, mwadwala kodi? Ife tadikira pamphambano." Ndinavala nsapato mosayankha zambiri.

M'gulumo wina anatikumbutsa za Ron Hill, katswiri wa ku Britain amene anathamanga tsiku lililonse kuyambira mu Disembala 1964 mpaka mu Januwale 2017, zaka zoposa 52. Anzanga anagoma ndi kutalika kwa nthawiyo. Ine chinandigwira mtima n'chakuti naye anasiya atamva kupweteka pachifuwa. Sanalole kuti chiwerengero chikhale chofunika kuposa moyo wake.

Kuyambira pamenepo ndinasintha kaganizidwe. Tsiku limene ndatopa ndi kuchonga makope ndimathamanga kamtunda kochepa kaja basi, osadziimba mlandu. Ndikamva malungo ndimapuma n'kuuza anzanga zoona. Anzanga apafoni amandilimbikitsa, koma amene amagogoda pakhomo ndi anyamata aja, amene tsopano alipo asanu ndi mmodzi. Amayi akumjigo aja masiku ano amangoti, "Mwachedwatu lero, aphunzitsi."

Masiku 100 ndinawakwanitsa mu Okutobala, kunja kukutentha kale. Satifiketi palibe amene anandipatsa. Nditapitanso kuchipatala makina anaonetsa 134/86, ndipo adokotala anati ndipitirize, koma ndisasiye kubwera kudzayezetsa mwezi uliwonse.

Kwa inu amene mukuganiza zoyamba, pitani kaye mukayezetse BP, ndipo ngati anakupatsani mankhwala musawasiye poti mwayamba kuthamanga. Yambani ndi kamtunda kochepa, pang'onopang'ono ndi mtolo. Pezani mnzanu woti azikufunsani. Ndipo tsiku limene mwaphonya, nenani kuti mwaphonya, mawa lake muvalenso nsapato.